Usinini wanga, jakisoni ndi ndalama za belo

Pamsika munthu sakhala ndi dzina limodzi. Lija anakupatsa makolo ako limathera pa chitupa, koma logwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi lomwe anzako a pabenchi amakupatsa atakuunguza kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Wamtali ali ndi lake, wadazi ali ndi lake, wonenepa ndiye tisachite kunena. Inu a ku Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe kaya ku Zigwagwa ku Mzuzu mukudziwa chomwe ndikunena. Langa ine linachokera m'kamwa. Ndikati ndiseke, mlomo wam'mwambawu umathawira kumphuno n'kusiya usinini wonse pamtunda, ena amati nkhama, ndiye kasitomala akasochera amangomulozera kuti, "Pitani kwa mayi a usinini aja, kaunjika wa ana ali kumeneko."

Ndinatengera malemu bambo anga. Ndili ku pulayimale zinkandiliza ndithu, poti anyamata ankati ndikamaseka ndimapinda mlomo ngati tonde wanunkhiza mbuzi yaikazi. Koma zaka zapita, ndabereka, ndaika maliro, geni yagwapo kangapo n'kudzukanso, ndiye nkhani ya usinini inatsika yokha pa mndandanda wa mavuto anga. Panopa ndi chikwangwani changa chaulere. Anzanga amalipira wolemba zikwangwani, ine ndimangoseka basi.

Vuto ndi loti chikwangwanichi ndinapatsirako mwana wanga wachisamba, ndipo iyeyo sakuchifuna. Ndi mtsikana wa zaka 23, amandithandiza pabenchi komanso ali ndi kageni kake ka nsapato komwe amatsatsa pa WhatsApp. Nsapato amazijambula bwino zedi, koma iye mwini simungamuone pa chithunzi akumwetulira. Kukabwera nthabwala, dzanja limathamangira pakamwa kuseka kusanatuluke. Tsono inu mukudziwa kuti pageni nkhope nayo imagulitsa. Kasitomala akafika n'kupeza mtsikana ali ndwii ngati wamwa kwinini, saganiza zoti mwanayo akuchita manyazi ndi m'kamwa mwake, amangoti ndi wamatama n'kupita benchi lotsatira. Ndamvapo ndi makutu angawa amayi ena akuti, "Koma mwana wa mayi a usinini uja ngonyada bwanji!" Zinandiwawa kuposa za tonde zija.

Tsiku lina madzulo tikulongedza katundu anandionetsa kanema pa foni. Mzimayi wina wa kunja, kaseke kake ngati kathu komweka, dokotala n'kumubaya timajakisoni tiwiri m'mbali mwa mphuno, kenaka chithunzi china patatha masabata awiri, mlomo wakhazikika pa mano, usinini osaonekanso. Azungu kasekedwe aka amati gummy smile, jakisoniyo ndi Botox. Ndipo ati m'tauni muno muli mayi wina wa saluni, wopita ku Johannesburg kukaoda katundu, yemwe amabwera nawo mankhwalawo n'kumabaya anthu kuchipinda cha kuseri. "Amayi," iye anatero, "za chipereganyu za mwezi uno mundibwereke, ndibweza ndikagulitsa nsapato."

Ndalama zimenezo zinali za belo. Ife a kaunjika timagula belo lomanga osaona m'kati, ndipo kulira kwake tikukudziwa ukalitsegula n'kupeza zigamba zokhazokha. Koma belo loipa umaligwetsa mtengo, limatha, umaiwala. Nanga nkhope ikatuluka yoipa ukaigwetsera mtengo kuti? Ndinamuuza kuti, "Iwe, sindikukana ndipo sindikuvomera. Safunsa anadya phula. Tiye tiyambe takamva kwa eni ake ntchitoyi."

Tinapita ku chipatala china cha mano cholipira. Ndinkayesa kuti adokotala atiseka, kapena atiuza kuti kazipitani mukathokoze Mulungu poti mano alipo onse. Ayi ndithu, anatilandira ngati anthu obwera ndi nkhani yeniyeni. Chovuta chinali kumuseketsa mwanayo, chifukwa munthu amene wakhala zaka akubisa m'kamwa amakhala ndi kumwetulira kwina kongopimira komwe amasungira alendo. Mpaka ndinachita kukamba ya kasitomala wina amene anayesa thalauza pabenchi n'kukanika kulivula, ndi pomwe anaphulika, adokotala n'kuika msangamsanga kachitsulo kokhala ndi timizere. Anayeza usinini woonekawo, anayeza kutalika kwa mano akutsogolo, anayeza mlomo uli phee, anayezanso mmene umakwerera poseka, kenaka anamujambula X-ray. Kuseka nako eti amakuyeza ngati nsalu.

Zomwe tinamva kumeneko ndi zomwe zandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Anthu ambiri akaseka usinini umaonekako pang'ono, milimita 1 kapena 2, ndipo palibe amalabadira. Ukapyola mamilimita 3 kapena 4 ndi pomwe maso a anthu amayamba kukodwapo. Zimaoneka kwambiri kwa akazi kuposa amuna, komanso kwa achinyamata kuposa achikulire, chifukwa munthu akamakula mlomo wam'mwamba umanka nutsika n'kumaphimba zomwe unkaonetsa kale. Koma chachikulu chomwe kanema wa pa foni uja sananene ndi ichi: anthu angapo akhoza kumaonetsa usinini wofanana ndendende pomwe chochititsa chili chosiyana, ndipo chomwe chathandiza uyu kwa mnzakeyo ndi kutaya ndalama chabe.

Pali ena mlomo ndiwo uli ndi changu. Minofu yokweza mlomo, yomwe ili m'mbali mwa mphunomu, imakoka mopitirira. Mlomo wa anthu ambiri umakwera mamilimita 6 mpaka 8 poseka, koma wa ife ena umapyola apo, nthawi zina kuwirikiza kumene. Mano ali bwinobwino, fupa lili bwinobwino, nsalu ya pazenera yokha ndiyo ikukwera mopyola. Amenewa ndiwo eni ake jakisoni uja. Adokotala atandiyang'ana ine anati, "Mayi, inuyo muli m'gulu limeneli." Ndinati zikomo, koma ine ndangoperekeza.

Botox ameneyu tamumvetsani bwino. Ndi poizoni, sindikunyoza ayi, ndi mmene alili. Amachokera ku kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, komwe kamapezeka m'dothi ndipo kakaswana m'zakudya za m'chitini zosakonzedwa bwino kamapha munthu pomufoola minofu mpaka kukanika kupuma. Madokotala anaphunzira kumusungunula kwambiri n'kumabaya kadontho pa mnofu umodzi wokha kuti ufooke. Ku America anamuvomereza mu 1989 ngati mankhwala a maso osayang'ana mbali imodzi ndi zikope zotsinzina zokha, ndipo mu 2002 ndi pomwe anamulola pa zokongoletsa, kuchotsa makwinya a pakati pa nsidze. Za usininizi zinachita kutsatira pambuyo. Akabaya bwino, pakatha masiku ochepa mlomo umayamba kudziletsa, pofika masabata awiri ntchito yaoneka yonse. Akaphonya malo, kaya mbali ina mankhwala achuluka, munthu amaseka mopotoka ngati wadwala sitiroko, mlomo umalendewera, mawu ena amavuta kutchula, tiyi amatayikira pomwa. Ndipo palibe chofufutira, umangodikira kuti mphamvu yake ithe yokha. Woyembekezera ndi woyamwitsa sabayidwa.

Koma chomwe chinandigwira ine monga munthu wa geni ndi masamu ake. Jakisoniyu amatha mphamvu pakapita miyezi 3 mpaka 6, mlomo n'kubwerera kumphuno ngati sipanachitike kanthu. Ndiye kuti kawiri mpaka kanayi pa chaka, chaka ndi chaka, mpaka udzatope wekha. Kumeneko si kugula ayi, ndi lendi, ndipo ukuchita lendi mlomo wako womwe. Amene munakhalapo pa benchi la lendi mukudziwa kuti mwezi womwe malonda avuta mwini benchi safuna kumva za mvula.

Za mayi wa saluni uja adokotala sanachulutse gaga m'diwa, anangotifunsa mafunso. Mankhwalawa amasungidwa mufiriji, nanga m'basi yochokera ku Johannesburg, usana ndi usiku pamsewu, amakhala pati? Nanga ndi kuthimathima kwa magetsiku? Wobayayo akudziwa kuti mnofu wakuti wadutsa pakuti? Dzina lake lili m'kaundula wa Medical Council of Malawi? Botox wabodza alipo padziko pano. Mu 2024 ku America komweko, dziko la malamulo okhwima, anthu angapo anagonekedwa m'chipatala atabayidwa mankhwala achinyengo kapena kubayidwa ndi anthu osaphunzira ntchitoyo, ena m'nyumba ena m'malo okongoletsera, mpaka kumavutika kumeza ndi kupuma. Ife amene timaona mafuta oyeretsa khungu akugulitsidwa pamphasa pafupi ndi tomato tisanamizane kuti kuno zabodza sizingafike.

Mwana wanga nkhani yake inapezeka kuti ndi ina. Mlomo umakwerako ngati wanga, koma gawo lalikulu lili pa mano. Ake akutsogolo amaoneka aafupi ngati a mwana wamng'ono, mulitali ndi mulifupi pafupifupi chimodzimodzi. Dzino lakutsogolo la munthu wamkulu limakhala cha m'mamilimita 10 kapena 11, ake kachitsulo kaja kanapeza 7. Si kuti ndi aafupidi ayi. Dzino likamera, usinini umayenera kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kulisiya poyera, koma kwa anthu ena umaima panjira n'kukhala utafunditsa mano ngati bulangete. Ndiye taganizani, akanabayitsa jakisoni uja mlomo ukanatsikako ndithu, koma mano akanakhalabe timano tomwe tija, ndipo pakutha pa miyezi ingapo zonse n'kubwerera pakale, ndalama za belo zitapita.

Chithandizo cha iyeyu ndi mpeni. Amabaya jakisoni wa dzanzi n'kudula usinini wowonjezerawo, ena ndi kampeni, ena ndi makina a laser, dzino lililonse kulisemera mzere wake. Apa ndi pomwe kuyeza bwino kumafunika. Ngati fupa logwira dzino nalo lafika pafupi kwambiri ndi khosi la dzinolo, kudula mnofu wokha sikukwanira chifukwa umameranso ngati udzu wa m'dzinja. Amayenera kutsegula, kupala fupalo pang'ono, n'kusoka. Bala limapola cha m'masabata awiri, koma kuti usinini ukhazikike pamalo pake pamapita miyezi. Ubwino wake ndi woti ikagwiridwa bwino ntchitoyi ndi kamodzi basi. Kuipa kwake ndi komwekonso, wodula akapyola muyeso wadula. Muzu wa dzino ukakhala pamtunda, tiyi wotentha ndi madzi ozizira zimasanduka adani ako. Telala akalakwitsa chitenje timagula china, apa palibe china.

Njira zina ndingozidutsa. Ilipo ya anthu a mlomo wachangu, yodula kachidutswa ka khungu la m'kati mwa mlomo n'kuusokerera m'munsi kuti usamakwere kwambiri, ngakhale kwa ena umadzamasukanso pakapita nthawi. Ndiye pali omwe fupa lenileni la nsagwada yam'mwamba linakula motalika. Amenewa nkhope imakhala yaitali, ndipo ngakhale asakuseka milomo imavuta kukumana. Kumeneko ndi opaleshoni yaikulu: kukugoneka tulo, kudula nsagwada mopingasa pamwamba pa mizu ya mano, kuchotsapo kagawo ka fupa, kukweza n'kumanga ndi tizitsulo, kuphatikizapo mawaya a m'mano kwa miyezi yambiri komanso masabata a phala lokhalokha. Mzere womwe amadulawo umatchedwa Le Fort, dzina la dokotala wa ku France, René Le Fort, amene mu 1901 analemba za mmene mafupa a nkhope amaswekera atayesa pa mitu ya mitembo. Nditamva zimenezo ndinagwira chibwano changa ndi manja awiri.

Tsopano pali gulu lomwe ndikufuna mulimvetse koposa onse, chifukwa kwa iwowa si nkhani ya kukongola. Funso loyamba lomwe adokotala anafunsa mwana wanga, asanatenge n'kachitsulo komwe, linali loti, "Achemwali, pali mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku?" Anatifotokozera kuti alipo mankhwala ofufumitsa usinini. Ena ndi a kuthamanga kwa magazi, BP timanenayi, makamaka nifedipine, komanso amlodipine kwa anthu ena. Ena ndi phenytoin, a khunyu, omwe amachita zimenezi kwa pafupifupi theka la anthu owamwa nthawi yaitali. Enanso ndi ciclosporin, omwe amamwa anthu oikidwa impso ya munthu wina. Ndipo zimanyanya ngati m'mano mukukhala litsiro. Pakati napo pamatupitsa usinini wa amayi ena, koma umenewo kawirikawiri umaphwa akachira.

Mawu amenewo atangotuluka ndinaona nkhope ya munthu. Achemwali ena oyandikana nane benchi, ogulitsa zitenje, anabadwa ndi kaseke kabwinobwino. Mwadzidzidzi usinini wawo unayamba kufufuma kuyambira m'mipata ya mano, n'kumanka nukwirira manowo, potsuka m'kamwa magazi. Paja chibwerereni matipate mu 1994 aliyense ali ndi ufulu woyankhula, ndiye pamsika aliyense anaponya voti yake. Wina ati ndi chiseyeye, wina ati ndi matenda a masiku anowa, wina ati alodzedwa ndi mnzawo wa zitenje wa mzere wachitatu. Iwo anafika pomagulitsa atamanga kampango pakamwa, makasitomala n'kumawalambalala. M'mawa mwake ndinawafunsa kuti, "Achemwali, kodi mankhwala a BP aja munayamba liti?" Anawerenga ndi zala, ndipo zinapezeka kuti kufufumako kunayamba patangotha miyezi itatu chiyambireni kumwa.

Iwo anati basi lero lomwe ndikawataya m'chimbudzi. Ndinawagwira dzanja. Abale anga, apa pokha musachite zaphuma. BP sipweteka, imangokugwetsa tsiku limodzi uli pabenchi, ndipo wa khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi akhoza kugwera pamoto. Usinini wofufuma ndi waung'ono poyerekeza ndi zimenezo. Chomwe anachita achemwaliwo ndi kubwerera komwe amalandira mankhwala, kukatsegula pakamwa n'kuonetsa. Anawasinthira mtundu wina, a mano anawatsuka litsiro lolimba lija, ndipo patapita miyezi usinini unabwerera wokha pafupifupi wonse. Ukakhala kuti unalimba kale amachita kudula, koma kudula mankhwala ali omwe aja kawirikawiri umameranso. Mnzawo wa mzere wachitatu uja palibe anapita kukamupepesa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga uku mukupukusa mutu, mukuti zonsezi ndi zachizungu, munthu akhale mmene Mulungu anamulengera. Ondiuza zimenezi ambiri amakhala atavala wigi, zikhadabo zili zomata. Ndipo kusewera ndi mlomo wam'mwamba sikunabwere ndi foni ayi. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza amayi a Chimang'anja ataboola mlomo womwewu n'kuikamo mphete yotchedwa pelele, ina ya nsungwi, ina ya mnyanga wa njovu, ina ya chitsulo, bowolo akulikulitsa pang'onopang'ono. M'buku lomwe linatuluka mu 1865 anafotokoza kuti mayi wotere akamwetulira mphete ija inkatembenuzira mlomo m'mwamba, mano onse n'kukhala pamtunda. Kwa iye zinali zoipa m'maso, kwa eni ake kunali kutchena. Ku Senegal kuli amayi omwe amapirira kubayidwa ndi masingano kuti usinini ude bii, mano azioneka oyera bwino poseka. Ndiye agogo athu ankakweza mlomo, adzukulu akufuna kuutsitsa, ndipo onsewa ululu ndi mtengo akulipira.

N'chifukwa chake ine sindimunyoza mwana wanga. Manyazi akewo ndi enieni, amudyera makasitomala, amudyera zithunzi za pa ukwati wa msuweni wake pomwe aliyense akuseka iye yekha ali ngati wabwera pamaliro. Kumuuza kuti "ndiwe wokongola momwemo" ndamuuza kambirimbiri, koma mawu a mayi ake sawerengedwa, amati ndi udindo. Chomwe ndikukana ndi kubaya kapena kudula usanadziwe kuti wako usinini ukuonekeranji, komanso kutengera mpamba ku nkhope. Mpamba ukalowa m'kamwa, kaya ndi podya kaya ndi pokongoletsa, subwerera pabenchi.

Tikumbukirenso dziko lomwe tili. Madokotala a mano kuno ndi ochepa. Kwa zaka zambiri wofuna udokotala umenewu ankachita kukaphunzira kunja, kuno tinkaphunzitsa othandiza za mano ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, ndipo sukuluyi tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Pa mzere wa mano m'chipatala cha boma pamakhala anthu otupa tsaya omwe sanagone usiku wonse, ndiye wa kukongola amayenera kudziwa kuti yake ndi ya kolipira. Ndipo kolipirako si aliyense wozula mano amene anazolowera kusema usinini. Ine ndinafunsa osachita manyazi kuti, "Adokotala, ntchito imeneyi mwaigwirapo kangati, ndipo tingaone zithunzi?" Sanakwiye. Amene akakwiye ndi funso limenelo mukatuluke mwaulemu.

Za chipereganyu zija zinagula belo, ndipo linatuluka labwino, madiresi a ana ambiri. Mwana wanga anatsukitsa mano monga anauzidwira, poti ati usinini suyenera kudulidwa uli wotupa, ndipo adokotala anamulembera mtengo wa ntchito yonse pa pepala. Pa peya iliyonse ya nsapato yomwe wagulitsa akupatulapo kangachepe n'kusunga payekha, ine sindikhudzako ndipo sindiwonjezerapo. Mwezi watha anati wafika theka. Ndinamufunsa ngati akadzakwanitsa adzapitedi, iye anati adzaona tsiku lomwelo. Pepala la adokotala lija analiika m'kabuku kolembamo ngongole za makasitomala, tsamba la kumapeto.